Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo kuno kum'mawa, za mawotchi oyeza mtima ndi za sitiroko

Kwa a Provincial Health Director ku Chipata, a Nduna ya Zaumoyo ku Lusaka, ndi inu ma MP ndi makhansala amene mumagawa ndalama za CDF,

Zikomo akuluakulu, ndagwada. Ine ndine munthu wamba chabe, ndimakonza mafoni m'kakontena kanga kuno ku Kapata, sukulu ya unesi sindinapondeko olo tsiku limodzi, nde pena ndikaphonya mawu achipatala mundikhululukire. Nkhani ndabwera nayoyi yandikhala pakhosi chaka chathunthu, ndaona kuti bola ndiilavule pano poti ofesi zanu munthu ngati ine amathera pa benchi ya panja.

Amai anga anagwa m'munda mwezi wa May chaka chatha tikukolola chimanga. Anali bwinobwino m'mawa, anamwa phala, anakalipira adzukulu monga mwa masiku onse, kenaka cha m'ma 10 koloko dengu linangowapulumuka m'manja. Kamwa linapotokera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende, akufuna kuitana dzina langa koma mawu akutuluka ngati munthu woledzera kachasu. Anthu a pamudzi anathamangira kunena kuti amenyedwa ndi hamala ya afiti, ena anayamba kale kuloza nyumba ya agogo ena osalakwa, ndipo maola abwino amene tikanathamangira kuchipatala anathera pa kukangana kuti tiyambe kwa sing'anga kapena tifune galimoto. Lero amai ali moyo koma mbali imodzi inafa, chitenje timawamanga ndife, nsima timawadyetsa ndife, mlongo wanga anasiya geni yake ya tomato kuti aziwasamala.

Chimene chimandiwawa mpaka pano nchakuti amai ananena. Kwa miyezi yambiri ankadandaula kuti mtima ukupalapata ngati nkhuku yomangidwa m'thumba, pena umathamanga pena umakhala ngati waima kenaka nkudzidzimuka, akakwera kachitunda kochokera kudambo mpweya umawathera. Tinapita nawo pa kiliniki ina imene sinditchula, makina a BP anawerenga kawiri nkulemba error, anesi anati mabatire atha, kachitatu anawerenga, BP inali yokwerako, anatipatsa mapilitsi nkutiuza tichepetse mchere. Palibe amene anagwira dzanja la amai kumvera mtsempha ndi zala. Sindikuwada anesi aja, anali okha ndi mzere wa anthu mpaka pa mtengo wa mango, koma pambuyo pake nditamva kwa adotolo kuti makina ena a BP amasokonezeka mtima ukamagunda mopanda dongosolo, ndinakhala pansi nkugwira mutu.

Za wotchi zinabwera chonchi. Pa Khirisimasi msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi wotchi ya mtundu uja imalumikizana ndi foni, anawaveka amalume, achimwene awo a amai, mwa nthabwala chabe kuti tione ngati mtima wa mdala wa zaka 71 ukadali ndi mphamvu. Amalume anaikonda, anakana kuvula, msuweni anawasiyira wotchi ndi foni yake yakale. Patapita masiku ochepa anabwera pa kontena kuti mphwanga kanthu aka kakulemba chizungu usiku, kaonongeka kapena? Nditawerenga kanali kakunena kuti mtima ukugunda mosalongosoka, zikuoneka ngati atrial fibrillation, akaonane ndi dotolo. Amalume sankamva kupweteka paliponse, njinga ankapalasa mpaka ku Saturday Market. Tinawakakamiza, anakawajambula ECG ya mawaya ambiri ija, yoonetsa papepala mmene mtima ukugundira, ndipo zinapezekadi. Matenda omwewo amene adotolo anati ndi amene anagwetsa amai.

Kwa anzanga amene muwerenge kalatayi musanamvepo, ndifotokoze mmene anandifotokozera ine. Mtima uli ndi zipinda zinai, ziwiri pamwamba ziwiri pansi. Pa matendawa, amene achipatala amangoti AF, zipinda za pamwamba zimasiya kufinya bwino, zimangonjenjemera. Magazi akapanda kukankhidwa amadikha m'kathumba kena kali ku chipinda cha kumanzere, nkuundana, monga muonera magazi a nkhuku mukawasiya m'mbale. Tsiku lina kachibuluma kaja kamachoka, nkuyenda ndi mtsempha mpaka ku ubongo, nkukatseka njira. Ndiyo sitiroko imeneyo. Munthu wa AF mpata woti agwe sitiroko ndi waukulu pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe, ndipo choipa nchakuti matendawa amabwera nkupita, pena tsiku limene wapita kuchipatala mtima uli phee ngati mwana wabwino, usiku nkuyambanso misala yake. Apa mpamene wotchi imapambana, chifukwa imagona nawe. Kumbuyo kwake kuli kanyali kobiriwira kamene kamawalitsa pakhungu, magazi akadutsa kuwala kumasintha, iyo nkumawerenga ngati kugundako kukutsatana bwino. Zina zili ndi kachitsulo kogwirapo ndi chala masekondi 30 nkujambula ECG ya mzere umodzi.

Izi si zamatsenga kapena zotsatsa malonda chabe. Apple inatulutsa wotchi yojambula ECG mu 2018, ndipo mu 2019 a yunivesite ya Stanford ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 419,000 ovala mawotchi a Apple. Amene analandira chenjezo anali ochepa, pafupifupi mmodzi pa anthu 200 alionse, ndipo mwa amene anapitiriza kuyezedwa ndi kachipangizo komata pachifuwa, 34 pa 100 alionse anapezeka ndi AF. Fitbit nayo inachita zake ndi anthu oposa 450,000, Huawei inachita ku China. Mukaona manambalawa bwino muona zinthu ziwiri, kuti wotchi imagwiradi matenda obisala, komanso kuti sikuti aliyense amene yamuchenjeza ndiye kuti zatsimikizika. Wotchi ili ngati galu wouwa usiku, mwini nyumba amayenera kutuluka ndi tochi kukaona ngati ndi wakuba kapena mbuzi ya aneba.

Tsopano akuluakulu mundimvetse, sindikupempha kuti boma ligulire aliyense Apple Watch. Ndikudziwa mmene zimathera zinthu zotere, mawa timva kuti kuli workshop pa lodge, mawotchi 50 agawidwa, nkupezeka ali pa mikono ya mabwana a zaka 35 amene akuwerenga masitepe popita ku lunch. Ngakhale mu kafukufuku wa Stanford uja ambiri anali achinyamata, pamene AF imakonda okalamba, a BP, a shuga, ndi amene mtima unatupa kale. Agogo a ku Vubwi kapena ku Chama alibe smartphone, alibe malaiti, wotchi yofuna kutchaja tsiku ndi tsiku aitchaja pati, ife a m'tauni momwe mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala tsiku lonse mafoni ali ozima. Ndiponso kupeza matenda ambiri pakokha sikuchepetsa maliro. Ku Denmark anachita kafukufuku wotchedwa LOOP, anthu okalamba pafupifupi 6,000, ena mwa iwo anawaika kachipangizo pansi pa khungu komvera mtima usana ndi usiku, AF anaipeza yochuluka katatu koma sitiroko sinatsike mokwanira kuti anene motsimikiza kuti kachipangizoko ndi kamene kathandiza. Nde tisatengeke ndi kuwala kwa sikirini.

Chimene ndikupempha nchotchipa kuposa pamenepo. Pali tizipangizo ting'onoting'ono ngati KardiaMobile, kukula kwake ngati kapaketi ka chingamu, munthu amaikapo zala ziwiri uku ziwiri uku masekondi 30, ECG nkutuluka pa foni. Ku America sikafika olo madola 100. Kamodzi kokha kakhoza kuyeza mudzi wonse chifukwa sikavalidwa ndi munthu mmodzi. CDF inakwera kufika K25.7 million pa constituency mu 2022, mu 2024 inadutsa K30 million, inu a honourable mukuti pa ndalama zimenezo sipangapezeke zogulira kamodzi pa health post iliyonse ndi kasola kotchajira foni? Ma Community Health Assistant tili nawo kale, amayenda kale m'midzi ndi nkhani za malungo ndi katemera, awonjezereni kameneka m'chikwama. Tsiku limene okalamba abwera kudzatenga mapilitsi a BP kapena a shuga, kapena pa malo olandirira social cash transfer pamene agogo amasonkhana okha popanda kuwaitana kawiri, aliyense wa zaka 65 kupita m'mwamba aikepo zala. Mawotchi enieni ovala gulani ochepa, akhale pa chipatala cha district ngati mabuku a mu library, munthu amene akudandaula kuti mtima umapalapata koma ECG yatuluka bwino mumubwereke sabata ziwiri abwere nayo.

Ndipo zipangizo zisanafike pali chida chimene Mulungu anagawa kale kwa aliyense, zala. Kuika zala ziwiri pa dzanja m'munsi mwa chala chachikulu nkumvera mphindi imodzi. Mtima wabwino munthu atapuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi ndipo umatsatana ngati mapazi a impi pa Mtenguleni, onse pansi nthawi imodzi. Wa AF umamveka ngati mwana amene akuphunzira ng'oma, apa wafulumira apa wadumpha apa waiwala. Madotolo a ku Ulaya m'malangizo awo amanena zomwezi, kuti munthu wa zaka 65 akabwera kuchipatala ndi vuto lililonse mumvereni mtsempha. Ine ndinaphunzitsa mwana wanga wa grade 7 tsiku limodzi, pano ndi amene amayeza agogo ake. Chingalephereke nchani kuti Breeze FM ndi Radio Maria aziphunzitsa zimenezi m'chinyanja madzulo, kuti pa Nc'wala mu February ndi pa Kulamba ku Mkaika mu August pakhale tenti yoyezera mtima pafupi ndi ya HIV ija? Mukapempha a Nkosi yama Nkosi Mpezeni ndi a Kalonga Gawa Undi kuti alankhulepo mawu amodzi, nkhani ya hamala ya afiti idzayamba kuchepa, chifukwa anthu athu amamvera mafumu kuposa ma poster.

Koma apa ndi pamene pali mtima wa kalata yanga, mukapeza matendawo kenaka chani? Amalume atawapeza ndi AF anawalembera warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Mankhwalawa akamwedwa bwino amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ngozi ya sitiroko, aspirin amene anthu amagula pa kantemba safikako olo pang'ono. Amalume atamva kwa mnzawo kuti warfarin anayamba ngati mankhwala a makoswe, zomwe ndi zoona, anakana masiku atatu, amvekere mukufuna mundiphe mutenge ng'ombe zanga. Tinaseka koma mdalayo sanalakwitse kwenikweni, warfarin ndi mankhwala ofuna ulemu. Akachuluka munthu amatuluka magazi m'kamwa, m'mimba, olo mu ubongo momwemo, akachepa ndiye ngati sukumwa kanthu. Nchifukwa chake pamafunika kuyeza magazi pafupipafupi, kuyeza kotchedwa INR, nambala izikhala pakati pa 2 ndi 3. Ndipo nambalayo imavina ndi zakudya, masamba obiriwira ngati repu, chibwabwa, bonongwe ali ndi vitamin K amene amafooketsa mankhwalawa, sikuti munthu asiye ndiwo zamasamba ai koma asamasinthe kwambiri, lero mphika wonse mawa osadya. Tangoganizani kwathu kuno dzinja masamba ali mbwee, chilimwe ndi mfutso. Mankhwala a TB ndi ma ARV ena amasokonezanso, zitsamba za kwa sing'anga nazo.

Mwezi uliwonse amalume amakwera njinga, kenaka minibasi, kudzayezetsa INR. Kawiri konse tabwerera osayeza, tsiku lina anati mankhwala a mu labu atha, tsiku lina makina anali oonongeka, malo sinditchula. Ulendo wina warfarin yemweyo kunalibe, tinakagula ku pharmacy ya private ndi ndalama ya mbewu. Wotchi inachita mbali yake, inakuwa usiku, koma ngati kumapeto kwa msewu kulibe mankhwala ndiye kuti tangomuuza mdala kuti pali njoka m'nyumba nkumulanda ndodo. Makina oyezera INR pobaya chala alipo padziko, amafanana ndi a shuga aja, bwanji osafika nawo ku Chadiza, ku Lundazi, ku Petauke, ku Nyimba, kuti munthu asamawoloke ma district chifukwa cha dontho limodzi la magazi? A ZAMMSA, amene amagawa mankhwala m'zipatala za boma, atiuze poyera kuti warfarin amafika mpaka pa level iti. A NHIMA, a inshuwalansi ya zaumoyo ya boma, atiuze m'chinyanja chomveka ngati ECG ndi INR zili pa mndandanda wa zimene amalipira, ndipo mlimi amene sali pa payroll alowa bwanji. Pali mankhwala atsopano osafuna kuyezayeza, dabigatran ndi anzake monga apixaban ndi rivaroxaban, WHO inawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019, ife tiwaona liti pa windo la boma?

Pena ndiime pang'ono, chifukwa kwathu kuno AF si ya okalamba okha. Pali matenda a mtima amene amayamba ndi zilonda za pakhosi za ana, zija timangoti amwe madzi a mandimu zipola. Tizilombo take tikapanda kuphedwa ndi penicillin thupi limatha kudzitembenukira lokha nkuononga zitseko za mtima, achipatala amati rheumatic heart disease. Mtsikana wa zaka 25 akhoza kukhala ndi AF chifukwa cha pakhosi pamene panamupweteka ali grade 3. Kwa anthu amenewa kafukufuku wamkulu wotchedwa INVICTUS, amene anatuluka mu 2022 ndipo anachitika m'maiko a mu Africa, Asia ndi Latin America, anaonetsa kuti warfarin wakale uja ndi amene anateteza bwino kuposa rivaroxaban. Nde olo mankhwala atsopano atabwera mawa, INR sitiithawa. Komanso warfarin amaononga mwana m'mimba, mai wachitsikana amafunika womulangiza bwino, osati kungomuponyera mapilitsi pa windo. Amene zitseko za mtima zaonongeka kwambiri njira ndi ya ku National Heart Hospital ku Lusaka, makilomita oposa 550 pa Great East Road, munthu wodwala mtima kukhala m'basi tsiku lonse kudutsa mapiri a ku Luangwa. Ngati kachipangizo koikapo zala kaja kangatumize ECG pa foni kuti dotolo wa mtima aione ali komweko, ambiri sangafunike kukwera basi pachabe. SmartCare, njira yosungira mbiri ya odwala pa kompyuta, muli nayo kale m'makiliniki, zotsatirazo zizilowa mmenemo, osati m'foni ya munthu pamodzi ndi zithunzi za kitchen party. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act, linabwera mu 2021, ligwire ntchito apanso.

China chimene ndikuchiona ine pa ntchito yanga, inu mwina simuchiona. Mawotchi abodza adzaza m'misika. Tsiku lina kasitomala anabwera ndi yake yotchipa kuti ndimuikire pa foni, pa bokosi analemba kuti imayeza mtima, BP, shuga, oxygen, zonse. Ndinaimanga pa nzimbe imene ndinkadya, inadikira pang'ono nkulemba 78, BP yabwinobwino. Nzimbe! Tinaseka mpaka misozi, koma bambo uja anali atasiya mapilitsi a BP mwezi wathunthu chifukwa wotchi inkamuuza kuti ali bwino. A ZAMRA, inu amene mumayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala, tulutsani mndandanda wa zipangizo zimene munthu angazikhulupirire, muulengeze pa wailesi. Ndipo zimene mugule muyambe mwaziyesa pa khungu lathu lakuda, pa manja a alimi okhala ndi zikanga, chifukwa zambiri zimagwira ntchito ndi kuwala, ndipo nthawi ya Covid zinadziwika kuti tizipangizo toyeza oxygen pa chala timaphonya kawirikawiri pa anthu akuda kuposa azungu.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi pa asanu alionse m'Zambia ali ndi BP yokwera, ndipo BP ndi imene imatsegulira chitseko AF ndi sitiroko zonse. Makina a BP ogwira ntchito, ndi mabatire ake, akhale oyamba pa list. Anthu aphunzirenso zizindikiro, kamwa kupotoka, dzanja kulefuka, mawu kusokonekera, zikatero thamangani kuchipatala nthawi yomweyo, osampatsa munthu aspirin kunyumba chifukwa sitiroko ina ndi ya mtsempha wophulika, aspirin angawonjezere moto. Mankhwala osungunula magazi oundana amagwira m'maola anai ndi theka oyamba okha, ndipo pafunika kujambula ubongo ndi CT scan kaye. Tiuzeni poyera kuti m'chigawo chino munthu akagwa athamangire chipatala chiti chimene chili ndi zonsezi, tizidziwiratu, tisamazungulire ndi wodwala pa ngolo ya ng'ombe.

World Heart Day ndi pa 29 September, World Stroke Day pa 29 October. Ndikudziwa kudzakhala ma T-shirt ndi kuguba kuchokera pa roundabout ndi bandi patsogolo. Chaka chino ndalama ya ma T-shirt igule tizipangizo khumi, musankhe district imodzi muyesere, miyezi isanu ndi umodzi mutiuze kuti mwayeza angati, mwapeza angati, ndipo mwa amenewo ndi angati amene akumwadi mankhwala ndi kuyezetsa INR. Mafoni ake akavuta bweretsani pa kontena, ndikonza ulere.

Amalume tsiku lawo la INR ndi Lachinai likubwerali, ndawauza anyamuke ndi minibasi yoyamba.

Ine mwana wanu,
wokonza mafoni wa ku Kapata, Chipata